Injini Ikamatentha Pamsewu Waukulu, Katundu Wathu Ali Pamsana

Mawu amene komiti yoona za mtengatenga inayankhula kwa nthumwi za makalabu pokonzekera nyengo yogulitsa zokolola.



Tapemphedwa kuti tiyankhulepo za vuto limene limatidyera phindu chaka ndi chaka koma silimveka kawirikawiri m'misonkhano yathu. Timakamba za mtengo wa feteleza, za mbewu, za masikelo a mavenda. Koma galimoto ikafera panjira itasenza thukuta lathu, timangoti linali tsoka, basi nkhani yathera pomwepo. Lero tikufuna tione mbali imodzi ya tsoka limeneli, yomwe ndi kutentha kwa injini galimoto ikamayenda ulendo wautali pamsewu waukulu.

Mwina ena mukuti, ife galimoto tilibe, kuyendetsa sitidziwa, za injini zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa katundu amene ali pamwambapo ndi wathu. Tomato wochokera ku Lizulu kapena ku Jenda akagona masiku awiri padzuwa m'mbali mwa msewu, wofika naye kumsika amagulitsa msuzi. Mkaka wa alimi a ku Thyolo ndi ku Bvumbwe sudikira makaniko. Mabelo a fodya opita ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu akachedwa panjira, amakumana ndi mvula, akuba ndi ndalama zolipira galimoto yachiwiri. Komanso makalabu ndi makopaletivu ena anasonkherana n'kugula lole kapena pikiyapu yawoyawo, ndipo injini ya galimoto imeneyo ikapsa, imapsa ndalama ya mamembala.

Misewu yathu nayo siichitira chifundo injini. Wochokera ku Chikwawa amayamba kukwera pa Thabwa, kumene nthaka ili pafupifupi mamita 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere, n'kukafika ku Blantyre pa mamita oposa 1,000. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuchigwa kumeneko kumatentha mpaka kupyola madigiri 40. Wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe akukwera. Wochokera ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere akukwera. Pa Chiweta, komanso kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu, n'chimodzimodzi. Amene mumayenda m'malo amenewa mwaona malole ataima, boneti ili yasa, nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, mnyamata akuthamangira kumudzi ndi chigubu kukapempha madzi.

Tiyambe ndi mmene injini imadziziziritsira, pakuti wosadziwa njira ya madzi sangadziwe pamene yatsekeka. Mafuta akamayaka mu injini, si mphamvu yonse imene imapita kumatayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limakoka galimoto, gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo gawo lotsalalo ndi kutentha kumene kumayenera kuchotsedwa ndi madzi. Madziwo amazungulira m'tinjira ta m'kati mwa injini, mokankhidwa ndi pampu imene pa magalimoto ambiri imayendetsedwa ndi lamba. Akatentha amatuluka kudzera paipi ya labala yam'mwamba n'kulowa mu rediyeta, mmene amagawikana m'timapaipi tating'onoting'ono tambirimbiri. Mphepo ikamadutsa pakati pa timapaipi timeneti imachotsa kutentha kuja, madzi n'kubwerera mu injini kudzera paipi yapansi. Pakhomo potulukira madzi pali kachitseko kodzitsegula kokha kotchedwa thermostat. Injini ikakhala yozizira kamakhala kotseka, ndipo pa injini zambiri za ku Japan zimene tili nazo kuno kamayamba kutseguka madzi akafika madigiri 82 kapena 88. Injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali pakati pa madigiri 80 ndi 95, muvi wa pa geji uli chapakati kapena kutsikirapo pang'ono.

Tsono funso loyamba limene makaniko wodziwa ntchito amafunsa si lakuti mwabwera ndi ndalama zingati. Amafunsa kuti, imatentha nthawi yanji? Yankho la funso limeneli limadula theka la ntchito.

Galimoto imene imatentha ikaima pamzere m'tauni, koma ikayamba kuthamanga muvi n'kutsika, vuto lake nthawi zambiri ndi fani. Ikaima palibe mphepo yolowa yokha, ndiye fani ndiyo imayenera kuikoka. Koma galimoto imene imayenda bwinobwino m'tauni ndi m'misewu ya kumudzi, n'kumatentha ikathamanga kwa theka la ola pa tala, imeneyo musathamangire kuigulira fani. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola mphepo imalowa yokha yambiri kuposa imene fani ingakoke. Ngati ikutenthabe, ndiye kuti injini ikupanga kutentha kochuluka kuposa kumene rediyeta ikukwanitsa kutaya. Mwina madzi sakuyenda mokwanira, mwina mphepo ikulephera kudutsa, mwinanso injiniyo ikugwiritsidwa ntchito yoposa msinkhu wake. Pali mtundu wachitatu umene umasokoneza anthu: lole yodzaza ikamakwera phiri pa giya yoyamba kapena yachiwiri. Pamenepo injini ikulimbana ndi mphamvu zake zonse koma galimoto ikuyenda ngati ngolo, mphepo yolowa yokha palibe, choncho fani ndi rediyeta zonse ziyenera kukhala zangwiro. Chifukwa chake woperekeza katundu azikhala tcheru, adzathe kunena kuti muvi unakwera pamalo athyathyathya galimoto ikuthamanga, kapena pachitunda, kapena itaima.

Pa zonse zimene zimachititsa kutentha kwa pamsewu waukulu, chimene timachiona kwambiri kumidzi ndi rediyeta yotsekeka, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono.

Rediyeta imatsekeka kunja ndi m'kati. Kunja n'kosavuta kumvetsa. Galimoto yotenga zokolola imalowa m'minda, imadutsa m'udzu wautali, imaima pamene anthu akupuntha soya kapena kupeta chimanga. Mankhusu, timbewu ta udzu, chisoso, agulugufe, ngumbi za nthawi ya mvula ndi fumbi losakanikirana ndi oilo wodontha, zonsezi zimamatirira pa timapepala tachitsulo ta rediyeta mpaka kukhala ngati bulangete. Mukayang'ana kutsogolo mwina muona ngati ndi yoyera, chifukwa magalimoto ambiri ali ndi chinthu china chofanana ndi rediyeta kutsogolo kwake, cha makina oziziritsa m'kati kapena cha turbo, ndipo zinyalala zimabisala pakati pa ziwirizi. Tengani tochi muunike kuchokera kumbali ya injini. Ngati kuwala sikukutulukira kutsogolo, mphepo nayonso siikudutsa. Kutsuka kwake n'kwa madzi opanda mphamvu yambiri, kuchokera kumbali ya injini kupita kunja, kuti zinyalala zibwerere kumene zinalowera. Sipuleya yathu yomwe ija yopopera mbewu, itatsukidwa bwino, imaigwira ntchito imeneyi. Waya ndi msomali ayi, zimapinda timapepala tija kapena kuboola timapaipi.

Kutsekeka kwa m'kati ndiko koopsa chifukwa sikuoneka, ndipo gwero lake ndi madzi amene timathira. Amayi muli pano mukudziwa zoyera zimene zimakangamira pansi pa ketulo kapena poto wowiritsira madzi a pamjigo, makamaka m'madera a madzi amchere. Zomwezo zimakangamira m'timapaipi ta rediyeta, timene kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi phesi la udzu. Onjezanipo dzimbiri, pakuti madzi wamba amadya chitsulo cha injini, ndi matope a madzi otunga pachithaphwi tsiku limene galimoto inawira panjira. Pakapita zaka, timapaipi tina timatsekekeratu. Rediyeta yotsala ndi theka la timapaipi take imakwanitsa ntchito ya m'tauni, koma ikapatsidwa matumba ndi ulendo wa makilomita 200 imagonja. Njira yoyesera ndi iyi: injini itatentha bwino, izimitseni, chotsani kiyi, kenaka yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta. Iyenera kukhala yotentha paliponse, kutenthako kukuchepa pang'onopang'ono kulowera kumene madzi amatulukira. Mukapeza zigawo zozizira pakati pa zotentha, pamenepo madzi sakudutsa. Samalani ndi fani yamagetsi, ina imadziyatsa yokha ngakhale injini itazima. Rediyeta zakale zamkuwa amisiri amazitsegula n'kuchokocha timapaipi tonse. Zatsopanozi, za aluminiyamu ndi pulasitiki, nthawi zambiri zikatsekeka kwambiri kuli bwino kugula ina.

Ndiye tithiremo chiyani? Madzi amankhwala aja otchedwa coolant, obiriwira kapena ofiira, si zokongoletsa. Ntchito yawo yaikulu kuno kwathu, kumene madzi saundana ndi chisanu, ndi kuteteza dzimbiri ndi kukweza pang'ono mlingo umene madzi amawirira. Ena amagulitsidwa osakaniza kale, ena muyenera kusakaniza ndi madzi monga momwe zalembedwera pabotolo, kawirikawiri theka ndi theka. Madzi osakanizirawo akhale aja othira m'batire, kapena amvula otungidwa mwaukhondo denga litayamba latsukika. Mitundu yosiyana musaisakanize, ndipo wamba uja asinthidwe pakatha zaka ziwiri. Chenjezo kwa ife oweta ndi olera ana: mankhwalawa amatsekemera koma ndi poizoni. Musawasunge m'botolo la zakumwa, ndipo otayidwa asasiyidwe pamene galu, mbuzi kapena nkhuku zingamwe.

Tikudziwanso za nzeru zapanjira, zothira ufa, dzira laliwisi, sopo kapena fodya wosinja mu rediyeta kuti kabowo katsekeke. N'zoona kuti nthawi zina zimamufikitsa munthu pa sitolo yapafupi. Koma chimene chatseka bowo chimatsekanso timapaipi, ndipo amene wachita zimenezi kamodzi ayenera kukatsukitsa rediyeta yonse akangofika.

Kachinthu kena kamene anthu amakapeputsa ndi chitsekero cha rediyeta. Ambiri amachiyesa chivundikiro wamba, moti chikatayika amatsekapo ndi chiguduli kapena chitsononkho. Tamverani masamu ake. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma kumtunda amawira msanga. Ku Lilongwe amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, ku Dedza pafupifupi 95. Tanena kale kuti injini yabwino imafika madigiri 95 ikamagwira ntchito. Ndiye popanda chothandiza, madzi akhoza kuwira injini ilibe vuto lililonse. Chitsekero chija chili ndi sipuling'i ndi labala zimene zimapanikiza madzi, ndipo madzi opanikizika sawira mpaka atayandikira madigiri 120. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira pachitunda choyamba, amatayikira kunja, otsalawo n'kuchepa, kutentha n'kuwonjezeka. Pa zipangizo zonse za injini, chimenechi ndi chimodzi mwa zotsika mtengo kwambiri, choncho muyambe mwachiyang'ana icho musanavomere zomasula injini. Pogula china, nambala ifanane ndi yakale.

Tsopano thermostat. Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja ambiri chakuti kachipangizo kameneka ndi ka kumayiko ozizira, kuno n'kosafunika, ndipo galimoto ikangofika kuchokera kudoko ena amakachotsa n'kukataya. Ife sitigwirizana nazo. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha m'mawa, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri n'kumatha msanga. Choposa apo, pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira nako m'kati osafika ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotsegula nthawi zonse, madzi ena otentha amangobwerera mu injini osazizira, ndipo galimoto imatentha pamsewu waukulu chifukwa cha mankhwala omwewo amene amati aichiritsa. Chimene chimachitikadi n'chakuti thermostat imakalamba, n'kumatseguka pang'ono chabe. Madzi odutsa pamenepo amakwanira m'tauni koma osati paulendo. Kuyesa kwake n'kwa pamoto wa kukhitchini: imangeni ndi kawaya, iviikeni m'poto wa madzi, muike pamoto. Madzi asanafike powira iyenera kuyamba kutseguka, ndipo akamawira ikhale itatsegukiratu. Ikakanika, gulani ina, osati kusiya pamalopo pali pululu.

Zina zitatu tingozitchula mwachangu. Paipi yapansi ya labala ikakalamba imafewa, ndipo injini ikathamanga pampu imaikoka mpaka kuphwafuka ngati phesi loyamwira, madzi osadutsanso. Galimoto ikaima paipiyo imabwerera m'malo mwake, makaniko n'kumati palibe vuto. Muuzeni wina aponde mafuta injini ili yotentha, inu mukuyang'ana paipiyo chapatali. Pampu nayo ili ndi timapiko m'kati timene dzimbiri limadya mpaka kutsala tizitsa, ndipo kunja imaoneka yabwinobwino. Ikayamba kudontha pakabowo kapansi kapena kulira, yatha. Lamba akhale wolimba moti mukam'dina ndi chala chachikulu azingolowa ngati sentimita imodzi. Lamba wonyezimira kapena wong'aluka amaterereka injini ikathamanga. Ndipo mukaona nyali ya batire yayaka paulendo, muvi wa kutentha n'kuyamba kukwera nthawi yomweyo, imani msanga, mosakayika lamba waduka. Kwa malole amene fani yake ili ndi kilatchi ya mafuta pakati, izimitseni injini ili yotentha n'kupukusa faniyo ndi dzanja. Iyenera kulimba. Ikangozungulira yokha kambirimbiri, ndiye kuti paphiri siikoka mphepo. Chimango chozungulira fani chija nachonso chisamatayidwe, ndicho chimachititsa kuti mphepo idzere mu rediyeta m'malo molambalala.

Koma amayi ndi abambo, pali mbali ina imene si ya makaniko, ndi yathu. Lole ya matani atatu inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 3,000, amene ndi matumba 60 a makilogalamu 50. Ife pofuna kuchepetsa maulendo timakweza matumba 80, ndipo matumbawo ndi osokerera mlomo, olemera mwina makilogalamu 60 lililonse. Amenewo ndi makilogalamu 4,800, tisanawerenge eni katundu amene akhala pamwamba ndi njinga zawo. Mwini galimoto amavomera chifukwa amalipiritsa pa thumba, ife timakondwa chifukwa taona ngati tapulumutsa ndalama ya ulendo wachiwiri. Rediyeta inayesedwa kuti izichotsa kutentha kwa matani atatu, ndipo siidziwa za mgwirizano wathuwo. Katundu wopyola muyezo amathanso mabuleki potsika, ndipo kumeneko zimatayika si mbewu zokha.

Kayendetsedwe nakonso. Madalaivala ena amakwera chitunda pa giya yapamwamba, phazi lili pansi, injini ikubuula, poganiza kuti akusunga dizilo. Pamenepo mafuta akuyaka ambiri koma pampu ndi fani zikuzungulira pang'onopang'ono. Kutsitsa giya msanga kumathandiza kuti madzi ndi mphepo ziyende mwachangu. Mabuleki ogwira okha amachititsanso injini kukoka ngati ng'ombe yolima pouma, ndipo mudzawadziwa pogwira pafupi ndi tayala mutayenda pang'ono, limodzi limakhala lotentha kuposa anzake. Oilo wochepa, sefa ya mpweya yodzaza fumbi ndi utsi wakuda wa dizilo wosapsa bwino, zonsezi zimawonjezera moto.

Nanga muvi ukayamba kukwera muli pakati pa ulendo? Apa tikupempha amene mumatumidwa kuperekeza katundu mumvetsere bwino, chifukwa mphindi zisanu zimenezi ndizo zimasiyanitsa kugula paipi ndi kugula injini. Musaope kulankhula. Nenani mwaulemu kuti, a dalaivala, taonani geji. Safunsa anadya phula. Ngati galimoto ili ndi makina oziziritsa m'kati, azimitsidwe. Hita iyatsidwe mpaka kumapeto, mawindo atsegulidwe. Zikumveka zachilendo kuyatsa hita mu Okutobala, koma hitayo ndi karediyeta kakang'ono kamene kamathandiza kuchotsa kutentha. Imauzanso kanthu: ikamatulutsa mphepo yozizira pamene muvi uli pofiira, ndiye kuti madzi achepa kwambiri kapena sakuzungulira, ndipo muyenera kuima pomwepo. Pezani malo oonekera patali, osati pokhota, ikani miyala kumatayala ngati ndi pachitunda, ndi zizindikiro zofiira zamakona atatu kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi za mitengo usiku sizioneka. Ngati palibe nthunzi kapena madzi otayika ndipo lamba ali bwino, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo muone ngati muvi ukutsika. Ngati nthunzi ikutuluka, madzi akuchucha, kapena muvi sukutsika, izimitseni.

Kenaka dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitsekero cha rediyeta chisatsegulidwe mpaka patapita theka la ola kapena kuposerapo, paipi yam'mwamba itafewa moti mutha kuifinya ndi dzanja. Kumbukirani kuti madzi ali m'katimo apyola madigiri 100 ndipo chikuwaletsa kuwira ndi chitsekero chomwecho. Mukachichotsa amawira nthawi imodzi, nthunzi ndi madzi otenthawo n'kukuthirani kumaso. Pa maminibasi ambiri ndi timalole tina injini ili pansi pa mpando, choncho anthu ayambe atuluka. Potsegula ikani chiguduli chochindikala, potozani pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, nkhope ili kumbali. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20 n'kupita naye kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira zisayandikire pabala.

Madzi ozizira asathiridwe mu injini yotentha kwambiri, kapena kuikhuthulira pamwamba. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka ngati mbiya yochotsedwa pamoto n'kuviikidwa m'madzi. Injini itazizira, thirani pang'onopang'ono, iliziteni chitsekero chili chotsegula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, onjezerani, kenaka tsekani. Chinthu china chonyenga: muvi ukakhala pofiira kenaka n'kutsika wokha mwadzidzidzi galimoto ikuyendabe, musasangalale. Nthawi zina ndiye kuti madzi atheratu ndipo kachipangizo koyeza kutentha kangotsala pamphepo.

Dalaivala akaumirira kuti tingofika pamwamba pa phiripo, zotsatira zake ndi gasiketi ya hedi. Hedi, makamaka ya aluminiyamu, ikatentha mopyola imapindika, gasiketi n'kupsa, moto wa m'kati mwa injini n'kumalowa m'njira za madzi. Zizindikiro zake ndi thovu losalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikulira, paipi yam'mwamba kulimba gwa injini itangolizidwa kumene m'mawa, utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, madzi kumatha popanda podontha, ndi oilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Nthawi zina gasiketi imaboola pang'ono kwambiri moti imangovuta galimoto ikalemedwa, ndipo imeneyi ndi imodzi mwa nthenda zobisala za kutentha kwa pamsewu waukulu. Kukonza kwake si kungosintha gasiketi pansi pa mtengo wa mango. Hedi iyenera kupita kwa amisiri a makina kuti akaione ngati yapindika kapena kung'aluka, akaipale, ndipo mabawuti ake amangidwe motsatana bwino ndi sipanala yoyeza mphamvu. Koposa zonse, chimene chinayambitsa kutenthako chipezeke. Gasiketi yatsopano pa rediyeta yotsekeka imapsanso ulendo woyamba.

Zonsezi zikugwiranso ntchito pa injini za zigayo, mathirakitala ndi mapampu a mthirira amene makalabu ena muli nawo. Madzi ake ndi omwewa, gaga ndi fumbi zimatseka mofanana.

Monga komiti tikupempha zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama zambiri. Kalabu iliyonse ikamachita hayala galimoto, anthu awiri aione isanakwezedwe thumba ngakhale limodzi, m'mawa injini ili yozizira. Aone ngati madzi ali odzaza ndiponso ngati ndi oyera kapena adzimbiri, ngati chitsekero chilipo chenicheni, ngati pansi pali podontha, ngati geji ikugwira ntchito. Galimoto imene geji yake inafa isanyamule katundu wathu, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo, chifukwa dalaivala wake adzadziwa kuti injini yatentha pokhapokha ataona nthunzi. Chikalata cha COF chionedwe ngati sichinathe, komabe dziwani kuti chikalatacho sichikuuzani za m'kati mwa rediyeta. Mufunsenso kuti chigubu cha malita 20 chimene chili kumbuyoko n'chongosungira pangozi kapena amathira pa mtunda uliwonse. Galimoto yabwino siimwa madzi.

Mgwirizano ndi matransipota ulembedwe papepala, mlembi asunge. Mulembemo chiwerengero cha matumba kapena mabelo, ndiponso kuti galimoto ikafa panjira, wopeza ndi kulipira ina ndani, pasanathe maola angati, nanga katundu akawonongeka aluza ndani. Eni magalimoto ambiri ndi anthu achilungamo ndipo sakana zimenezi. Amene akukana kulemba mukhale naye maso. Ulendo wokwera mapiri uyambike m'bandakucha kusanatenthe, makamaka kwa anzathu a kuchigwa ndi kunyanja, ndipo katundu akhale atapakiridwa dzulo lake. Kwa makopaletivu amene ali ndi galimoto yawo, musunge kope lolembamo tsiku limene coolant, malamba ndi mapaipi zinasinthidwa, ndipo msungichuma azipatula kandalama pa ulendo uliwonse kokonzetsera, kusiyana n'kudzayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa injini itagona.

Pali zina zimene sitingathe patokha, ndipo tipitiriza kuzikamba ndi akuluakulu. Zipangizo zachinyengo zachuluka m'misika, zitsekero ndi ma thermostat ooneka bwino m'katoni koma osagwira ntchito, ndiponso madzi ongothira utoto ogulitsidwa ngati coolant. Tikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti diso lawo lifikenso kumashelefu a zipangizo za magalimoto m'matauni ang'onoang'ono. Tikupemphanso a TEVETA kuti maphunziro a umakaniko afike kwa achinyamata a m'misika ya kumidzi, kumene malole athu amakonzedwera, pakuti ambiri a iwo ndi aluso koma anaphunzira pongoonerera ndipo alibe zida zoyezera. Chida chopopera rediyeta kuti muone podontha si chodula moti asosiyeshoni singachigule n'kumabwereketsa.

A Wapampando, nthawi imene munatipatsa yatha. Panja pali lole imene mwini wake watilola kuti tiitsegule, ndipo injini yake yakhala itazima kuyambira m'mawa, choncho palibe apse. Tipempha kuti tituluke m'magulu a anthu khumi, amayi ayambe, chifukwa m'makalabu ambiri ndiwo amaperekeza tomato ndi ndiwo zamasamba. Aliyense agwire chitsekero ndi dzanja lake, afinye paipi, adine lamba, aunike rediyeta ndi tochi. Mafunso tiyankhira komweko.